Kamera za Mapikiseli Ambiri ndi Ntchito Yake pa Nyanja ya Chilwa

Kamera ya digito ilibe filimu. Kuseri kwa galasi lake kuli kachipangizo kotchedwa sensa, komwe kali ndi timaenje tambirimbiri tokola kuwala n'kukusandutsa mphamvu ya magetsi. Kaenje kalikonse kamabala kadontho kamodzi ka chithunzi, kotchedwa pikiseli, ndipo timadontho miliyoni imodzi ndiye megapikiseli imodzi. Kamera yomwe Steven Sasson anapanga ku kampani ya Kodak mu 1975 inali ndi timadontho 10,000 tokha. Lero Sony A7R V ili ndi timadontho 61 miliyoni, pamene Fujifilm GFX100 ili ndi 102 miliyoni.

Phindu la timadontho tochuluka chonchi limaoneka bwino pa malo ngati Nyanja ya Chilwa, yomwe yakhudza maboma a Phalombe, Zomba ndi Machinga. Nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo yazunguliridwa ndi madambo a njedza momwe mumakhala mbalame zam'madzi za mitundu yoposa 150, zina zochokera kutali kumpoto kwa dziko lapansi. N'chifukwa chake Chilwa anakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo. Kuteteza mbalamezi kumayamba ndi kuziwerenga, koma mbalame zosakidwa sizilola munthu kuziyandikira. Wofufuza amajambula gulu lonse ali patali, kenako amakulitsa chithunzicho pa kompyuta n'kuwerenga imodziimodzi. Kamera ya mamegapikiseli 61 yokhala ndi galasi la mamilimita 400, ikajambula chinthu chomwe chili pa mtunda wa mamita 100, imatenga malo otambalala mamita 9, ndipo kadontho kamodzi kamaimira pafupifupi milimita imodzi. Pa kamera ya mamegapikiseli 24, kadonthoko kamaimira milimita imodzi ndi theka. Kusiyanaku n'kochepa pa kakowa yemwe ali pafupi, koma pa abakha omwe ali kumapeto kwa gulu n'komwe kumathandiza kuzindikira mtundu wa mbalame poona mlomo ndi mawanga a nthenga.

Komabe chiwerengero cholembedwa pa bokosi sichinena zonse, ndipo apa ndi pomwe ogula ambiri amapusitsika. Pali mafoni otsatsidwa kuti ali ndi mamegapikiseli 108 kapena 200, koma zithunzi zake sizifika pa za kamera ya akatswiri ya mamegapikiseli 24. Nkhani yagona pa kukula kwa sensa. Ya kamera ya akatswiri nthawi zambiri imakhala mamilimita 36 mulitali ndi 24 mulifupi, pamene ya foni ndi yaing'ono kwambiri, choncho timaenje take timapanikizana ndipo kalikonse kamalandira kuwala kochepa. Zili ngati kutchera madzi a mvula: beseni limakola ambiri kuposa kapu. Kuwala kukachepa, kamera imakweza mphamvu ya magetsi kuti chithunzi chioneke, ndipo pamatuluka timawanga tonga mchenga tomwe timafufuta tinthu ting'onoting'ono. Vutoli limakula m'mbandakucha, nthawi yomwe asodzi amafika pa doko la Swang'oma ndi matemba, makumba ndi milamba, yomwenso ndi nthawi yabwino yoonera mbalame.

Masana amabwera ndi vuto lina. Madzi a Chilwa amanyezimira kwambiri padzuwa, pamene mkati mwa njedza ndi pansi pa zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi, muli mthunzi wakuda. Kamera yofooka imasankha chimodzi: ikaonetsa za mumthunzi madzi amangoti mbee, ikaonetsa madzi mthunzi umangoti bii. Kamera za akatswiri zimasunga chithunzi mu mtundu wa RAW, womwe pa kamera zambiri umasiyanitsa milingo 16,384 ya kuwala pa kaenje kalikonse, pamene mtundu wamba wa JPEG umasunga milingo 256 pa mtundu uliwonse wa kuwala. N'chifukwa chake wojambula amatha kubweza pa kompyuta zomwe zimaoneka ngati zatayika.

Galasi nalo liyenera kulingana ndi sensa. Galasi lotchipa limafifiitsa chithunzi chisanafike n'komwe pa sensa, ndipo timadontho tambiri timangojambula kufifiako mwatsatanetsatane. Chimodzimodzi kugwedezeka kwa bwato ndi kunjenjemera kwa dzanja. Pali chinanso chomwe ndalama sizingathetse: m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mpweya wotentha wokwera kuchokera pa matope ouma umapinda kuwala, ndipo zinthu zakutali zimaoneka ngati zikuvina. Utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimawonjezera chifunga. Pa nthawi yotere kamera ya mamegapikiseli 61 ndi ya 24 zimatulutsa zithunzi zofanana, ndipo chomwe chimathandiza ndi kulawirira.

Funso lalikulu pa Chilwa, loti madzi aphwa motani, limayankhidwa ndi kamera za mtundu wina. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope. Kusintha kotere kumaoneka bwino kuchokera mumlengalenga. Masetilaiti a Landsat a ku America akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo zithunzi zake ndi zaulere kuyambira 2008. Pa Landsat ya masiku ano kadontho kamodzi kamaimira mamita 30, pamene pa Sentinel-2 ya ku Ulaya, yomwe inayamba mu 2015, kamaimira mamita 10. Bwato silioneka bwino pa zithunzi zotere, koma mphamvu yake ili pa kubwerezabwereza malo omwewo kwa zaka zambiri, komanso pa kuona kuwala kwa infrared komwe diso la munthu siliona. Madzi amameza kuwalako n'kuoneka akuda, zomera zimakubweza n'kuwala, choncho malire a madzi ndi dambo amaonekera. Cholepheretsa ndi mitambo ya nyengo ya dzinja. Pamenepo amathandiza ndi madroni, omwe amauluka pansi pa mitambo, ndipo mu 2020 m'dziko muno munatsegulidwa sukulu ya maphunziro ake yotchedwa African Drone and Data Academy mothandizidwa ndi UNICEF.

Mtengo wa kamera za akatswiri si wamasewera. Sony A7R V inatuluka mu 2022 pa mtengo wa madola pafupifupi 3,900 a ku America, popanda galasi, ndipo galasi labwino lojambulira patali litha kudya ndalama zofanana kapena zoposa. Chithunzi chimodzi cha RAW chosapanikiza chimapitirira mamegabaiti 100, kotero pamafunika kompyuta yamphamvu, malo osungira ndi magetsi odalirika, zomwe m'mphepete mwa nyanja n'zosowa. Ndalamazi n'zomveka kwa wowerenga mbalame, wofufuza nsomba kapena wosindikiza zithunzi zikuluzikulu. Kwa mlangizi wa zausodzi wofuna umboni wa ukonde woletsedwa, kapena mtolankhani yemwe chithunzi chake chikathera pa WhatsApp, komwe nthawi zambiri chimapanikizidwa n'kuchepa, kamera ya mamegapikiseli 24 ndi yokwana ndithu. Chithunzi chake chimasindikizika mosalala pa pepala la masentimita 51 mulitali ndi 34 mulifupi.