Mmene Ndinaperekera Moni M'chiyankhulo cha Dari

Anzanga, pa tchuthi chapitachi ndinaphunzira kanthu kamene simungakapeze m'mabuku athu a Fomu 3, ndipo ndaganiza kuti ndikugawireni. Kanthuko ndi kupereka moni ndi kudzidziwitsa m'chiyankhulo cha Dari, chimene amayankhula ku Afghanistan. Ndidziwa kuti ena mufunsa kuti, "Kodi mtsikana wa pa Mbulumbuzi ali nacho chiyani chiyankhulo cha kutali chotere?" Tamverani tsono mmene zinayambira.

Achimwene anga amagwira ntchito mu sitolo ya makapeti ku Johannesburg, ndipo ndiwo amandilipirira fizi. Mwini sitoloyo kwao ndi ku Kabul, ndipo amakhala ndi amai ake okalamba, amene sadziwa Chingerezi. Agogowo atamva kuti achimwene akuphunzitsa mlongo wao, anapempha kuti andione pa foni. Achimwene anandiuza kuti, "Achemwali, muli ndi sabata imodzi. Musakandichititse manyazi." Madzulo ali onse ankanditumizira mau pa WhatsApp, ine ndi kumabwereza ndikutsuka mbale, kufikira amai anayamba kudabwa kuti mwana wao walowedwa chiyani.

Poyamba ndinene za chiyankhulocho. Dari ndi chimodzi mwa ziyankhulo ziwiri zazikulu za ku Afghanistan. Chinzake ndi Pashto. Kwenikweni Dari ndi Chiperisiya, chomwe ku Iran amachitcha Farsi ndipo ku Tajikistan amachitcha Tajik. Anthu a maiko atatuwa amamvana, monga mmene ife timamvanirana ndi anzathu a ku Chipata ndi ku Tete. Dzina lakuti Dari linalembedwa m'malamulo akulu a dzikolo m'chaka cha 1964. Polemba amagwiritsa ntchito malembo a Chiarabu, kuyambira kumanja kunka kumanzere, ndipo malembo onse alipo 32, chifukwa anaonjezapo anai amene m'Chiarabu mulibe. Ine pano ndalemba ndi malembo athu, monga mmene mau amamvekera pakamwa.

Chinthu choyamba chimene achimwene anandichenjeza ndi ichi: usayambe ndi dzina lako. M'kalasi ya Chingerezi tinazolowera kuimirira ndi kutchula dzina pomwepo, koma kwa anthu a ku Afghanistan kuteroko ndi kupanda mwambo, monganso kwathu kuno. Moni ndiye amatsogola. Umati, "Salam alaikum," ndipo winayo amayankha, "Walaikum salam." Mau amenewa sanandivute konse, pakuti timawamva masiku onse kwa anzathu Achisilamu muno m'boma la Chiradzulu. Ukatero umafunsa za moyo, ndipo safunsa kamodzi kokha iai. Amafunsa za thupi, za pakhomo, za ana, onse awiri kuyankhulira pamodzi, dzanja lamanja liri pachifuwa. Ndinakumbukira agogo anga akakomana ndi anzao pa njira ya kumsika, mmene amafunsirana mpaka za mbuzi ndi nkhuku.

Nawa tsono mau amene munthu wongoyamba ayenera kuwasunga pamtima. Tiyerekeze kuti dzina lanu ndinu Chikondi.

Chetor asten? Muli bwanji?
Khub astom, tashakor. Ndiri bwino, zikomo.
Nam-e man Chikondi ast. Dzina langa ndine Chikondi.
Nam-e shuma chist? Dzina lanu ndani?
Man az Malawi astom. Ndine wa ku Malawi.
Man shagerd astom. Ndine mwana wa sukulu.
Man hafdah sala astom. Ndiri ndi zaka 17.
Dari yad megirom. Ndikuphunzira Dari.
Az didan-e shuma khosh shodom. Ndakondwa kukuonani.
Khoda hafez. Mulungu akusungeni. Awa ndiwo mau otsazikira.

Mukawayang'anitsitsa mau awa muona zinthu zitatu. Choyamba, mneni amakhala kumapeto. Mau akuti "Man az Malawi astom" tikawamasulira limodzi limodzi akuti, "Ine kuchokera Malawi ndiri." Chachiwiri, kachilembo ka "e" mu "nam-e man" kamagwira ntchito yomwe amagwira "la", "wa" ndi "cha" m'Chichewa. Chinthu chimayamba, mwini wake napita pambuyo: "nam-e man" ndi "dzina la ine", ndipo "maktab-e ma" ndi "sukulu ya ife". Pamenepa Dari afanana ndi Chichewa koposa Chingerezi. Ngakhale mau oloza munthu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, monga "iye" wathu.

Chachitatu ndicho chachikulu koposa. Dari ali ndi "iwe" ndi "inu" monga ife. "Tu" ndi iwe, "shuma" ndi inu, ndipo mneni amasinthanso. Kwa mnzako umati "Chetor asti?" koma kwa wamkulu umati "Chetor asten?" Tizilembo tiwiri tokha ndito tisiyanitsa mwana wolereka ndi mwana wamwano. Ndiponso munthu wamkulu sumutchula dzina lokha. Mai wachikulire umamutcha "khala", ndiko kuti mai wamng'ono kapena mai wamkulu, ndipo bambo umamutcha "kaka", ndiko kuti mbale wa atate ako. Pofuna kuonetsa chikondi umaonjezapo "jan", monga "khala jan". Koma chenjerani ndi mau akuti "mama", chifukwa m'Dari satanthauza amai, atanthauza amalume!

Pa katchulidwe, "sh" amamveka monga mu "shuga" ndipo "ch" ali ngati wathu yemwe. Wovuta ndi "kh". Si "kh" wa mu "khasu" iai, koma amatulukira pakhosi, ngati munthu amene watsamwa ndi kaminga ka usipa. Ndinayesa masiku atatu ndisanamupeze, mng'ono wanga akundiseka mpaka misozi.

Tsiku litafika ndinavala diresi langa la ku tchalitchi, ndi kukhala pa khonde pomwe foni imagwira bwino. Nkhope ya agogo aja itaoneka, atafunda nsalu yoyera kumutu, mtima wanga unagunda ngati ng'oma. Ndinati, "Salam alaikum, khala jan," ndipo anayankha mokondwa. Pamenepo mantha anandisokoneza, ndipo ndinati, "Chetor asti?" Ndinaona achimwene akutseka maso. Ndinali nditanena "Uli bwanji?" kwa munthu wa msinkhu wa agogo anga! Mwamsanga ndinaika dzanja pachifuwa ndi kunena, "Bubakhshen," ndiko kuti pepani, ndi kubwereza moyenera. Agogowo anaseka kwambiri, nanena mau amene mwana wao anawamasulira kuti munthu wodziwa kupepesa waphunzira kale theka la chiyankhulo. Ndipo pamene ndinati, "Man az Mbulumbuzi astom," anayesa katatu kutchula dzina la kwathu nalephera, ndipo tonse tinaseka. Apo ndinaona kuti lilime la mlendo limapunthwa kuli konse.

Koma nditanena kuti, "Man shagerd astom," kuseka kunatha. Anakhala chete kanthawi, napukuta m'maso ndi nsalu yao. Mwana wao anandifotokozera kuti ali ndi mdzukulu ku Kabul wa msinkhu wangawu amene analekezera sukulu panjira. A Taliban atalanda mzinda wa Kabul pa 15 Ogasiti 2021, sukulu za sekondale zinatsegulidwa kwa anyamata okha, ndipo atsikana analetsedwa kupitirira kalasi lachisanu ndi chimodzi. Mu Disembala 2022 akazi analetsedwanso ku yunivesite. Sukulu ina yogonera komweko ya atsikana, yotchedwa SOLA, inachita kusamukira ku Rwanda mu 2021 kuti ana ake apitirize maphunziro. Mau atatu amene ine ndinawaloweza mosewera ndikutsuka mbale, mtsikana mnzanga uja sakanatha kuwanena za iye mwini.

Potsazikana agogowo anakweza chala nati, "Dars bekhan, bachem," ndiko kuti, "Phunzira, mwana wanga." Zoonadi akulu sananame pamene anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pali chinanso chimene chinandidabwitsa. Achimwene anandiuza kuti agogowo akamawathirira tiyi, iwo akakhuta amangoti "bas", ndipo amamvana. Mau amenewa ndi "basi" wathu yemweyu. Anachokera ku Chiperisiya nalowa m'Chiswahili, ndipo tidziwa kuti amalonda Achiyao ankayenda ulendo wa pakati pa dziko lino ndi Kilwa, ku gombe la nyanja ya mchere, m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Nayonso nsalu ya bafuta dzina lake linachokera ku mau a Chiperisiya akuti "bafta", ndiko kuti chinthu choombedwa. Tsono tonsefe takhala tikuyankhula pang'ono chiyankhulo cha agogo aja osadziwa.

Anzanga, ngati mufuna kuyesa, musayambe ndi mau ambiri. Lowezani khumi ndalembawa, muziwanena mokweza ndi mnzanu, wina akhale wamkulu wina mwana, kufikira "asten" atazolowera pakamwa. Mukakaika funsani, pakuti safunsa anadya phula. Mwambo wake muli nao kale, chifukwa ndi womwe anatiphunzitsa makolo athu: moni patsogolo, ulemu kwa akulu, dzina pambuyo.

Ine kale ndinkanyinyirika belu la m'mawa likalira, ndi kudandaula za nyemba za masiku onse. Tsopano ndikamapita ku kalasi ndimanena chamumtima, "Man shagerd astom," ndipo ndimafulumira. Agogo aja anati adzandifunsa za mayeso anga pa tchuthi chikudzachi, ndipo ndayamba kale kuphunzira mmene ndidzawayankhire.

Mtsikana wa Fomu 3