Kodi adokotala aichotsa yonse?

Wodwala khansa ya kummero akangotuluka ku opaleshoni, abale amathamangira kufunsa kuti, "Adokotala, mwaichotsa yonse?" Dokotala woona mtima salonjeza tsiku lomwelo. Chotupa wachiona ndi maso, inde, koma yankho lenileni limachokera kwa ife a mu labotale patapita masiku angapo.

Mmero wa munthu wamkulu ndi wautali pafupifupi masentimita 25. Kunsi kwa kakhungu kake kam'kati kuli timitsempha tambirimbiri, tina tokwera tina totsika, ndipo maselo a khansa amatsetsereka m'menemo n'kukabisala patali, pamwamba pakuoneka bwinobwino. Mayi wodziwa mbatata yofumbwa amasenga mpaka kulowa poyera, podziwa kuti kuwawa sikuthera pomwe padapo. Dokotala naye amadula motalikira, kawirikawiri masentimita 5 kapena kuposerapo kumtunda kwa chotupa, kenako amakweza chifu n'kuchilumikiza ku mmero wotsalawo. Njira yotchuka yochitira zimenezi, yotsegula pamimba ndi pachifuwa chakumanja, anaifotokoza Ivor Lewis wa ku Wales mu 1946.

Kumtunda ndi kumunsi malo odula amapezeka. Povuta ndi m'mbali. Mmero unapanikizika pakati pa njira ya mpweya, mtima, msana ndi mtsempha waukulu wa magazi, ndipo palibe chimodzi mwa izi chimene mpeni ungachite nacho chibwana. Mpata wake umayezedwa m'mamilimita.

Chidutswa chikafika kwathu, timachipaka inki kunja konse, n'kuchicheka tizigawo topyapyala toti tiunikidwe pa maikulosikopu. Inkiyo imasonyeza pomwe mpeni unadutsa. Ngati maselo a khansa sanafike m'malire, lipoti limati R0. Akapezeka m'malire pa maikulosikopu, ndi R1. Ngati chotupa chooneka ndi maso chatsala m'thupi, ndi R2. Pa za R1 akatswiri amasiyana. A Royal College of Pathologists ku Britain amati khansa ikayandikira inki ndi milimita imodzi kapena kucheperapo, malirewo sali bwino. A College of American Pathologists amati pokhapokha yakhudza inkiyo. Ndiye kuti chidutswa chomwecho chikhoza kukhala R1 ku London koma R0 ku Chicago. Ine ndimatsamira kwa a ku Britain: milimita imodzi si mtunda woti munthu n'kugonera tulo.

Chimene chinathandiza kwambiri ndi kuyamba kufwetsa chotupa mpeni usanafike. Kafukufuku wa CROSS wa ku Netherlands, wofalitsidwa mu 2012, anapeza kuti mwa odwala omwe anayamba alandira mankhwala ndi chithandizo cha radiotherapy, 92 mwa 100 alionse anatuluka ndi R0, pomwe mwa ongochitidwa opaleshoni anali 69.

Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansayi yafala kwambiri padziko lonse, koma odwala ambiri amafika kuchipatala ngakhale phala likukana kutsika. Pamenepo chotupa chimakhala chitagwira kale ziwalo zoyandikana nazo, malire oti n'kudula palibenso, ndipo chotsala ndi kuika kachubu kotsegula njira ya chakudya.

Choncho nsima ikayamba kuima pachifuwa, thupi n'kumatsika popanda chifukwa, musamangoonjezera madzi mumphika. Pitani kuchipatala, mukapemphe kuti akuunikeni kummero ndi kachubu ka kamera. Ndipo m'bale wanu akachitidwa opaleshoni, funsani adokotala kuti lipoti la ku labotale likuti chiyani za malire.