ZA MTENGO WA M'MPHIKA NDI MASAMBA AKE OFIIRA

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za kanthu kamene tidaona kuno ku Mzuzu, kakang'ono m'maso koma kodzala ndi phunziro.

M'mwezi wa Juni, nyengo ya chisanu, tidapita kukazonda nkhalamba ina yodwala ku Katoto. Pakhonde pake tidapeza mtengo wobzalidwa m'mphika wadothi wosazama. Msinkhu wake sudapitirire bondo la munthu, koma thunthu lake lidali lokhota ndi losalala monga la mtengo wakalekale. Masamba ake adali ofiira, ena achikasu, ndipo ambiri adali atagwa pansi. Mdzukulu wa m'nyumbamo, poganiza kuti mtengowo wafa, adafuna kuuzula kuti akasonkhezere moto. Koma nkhalambayo idadzuka pa mphasa, nimletsa, niti mtengowo udabzalidwa iye asanabadwe, ndipo sudafe ayi, uli kupumula.

Mtengo umenewu kwawo ndi ku China ndi maiko oyandikana nawo. Angerezi autcha crepe myrtle, ndipo m'maiko a kum'mwera kwa Afrika ambiri audziwa ndi dzina lakuti Pride of India. Akatswiri a zomera autcha Lagerstroemia indica: dzinali adalipereka ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1759, polemekeza bwenzi lake Magnus von Lagerström. Pa nthaka umakula kupitirira denga la nyumba. Maluwa ake, ofiirira kapena oyera, ngopyapyala ndi amakwinya monga nsalu yosasita, ndipo khungwa lake lisupuka lokha chaka ndi chaka.

Nanga ukhala bwanji wamng'ono chotere? Luso limeneli lidayambira ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo, nilifika ku Japan, kumene adalitcha bonsai, ndiye kuti chobzalidwa m'mbale. Mtengo wa bonsai suli wa mtundu wapadera ayi. Ndi mtengo wamba, koma mwini wake audulira mizu ndi nthambi mwanzeru, nausunga m'malo ochepa. Ina ikhala zaka mazana. Ulipo mtengo wina wa paini umene udayamba kusamalidwa mu 1625, ndipo banja la a Yamaki lidausamala mibadwo yambiri. Udali ku Hiroshima pamene bomba lidagwa m'chaka cha 1945, koma udapulumuka. M'chaka cha 1976 adaupereka mphatso ku Amerika, ndipo adakausunga ku Washington. Taganizani manja angati adauthirira madzi, atate kusiyira mwana, mwana kusiyira mdzukulu!

Wofuna kuyesa achite motere. M'chisanu, masamba atagwa, adule kanthambi kokhwima, kotalika ngati chikhatho, akazike mu mchenga wonyowa pamthunzi. Kakaphuka mizu, akaike mu mphika woboola pansi. Dothi likhale losakaniza: mchenga wa kumtsinje, njerwa zootcha zoswa tizidutswa, ndi manyowa a masamba owolerana. Athirire pamene dothi la pamwamba layamba kuuma. Ife tomwe tidapha mtengo wathu woyamba ndi chifundo chopusa: tidauika mu mphika wosaboola, tidauthirira m'mawa ndi madzulo, ndipo mizu idaola.

Mtengowu ukonda dzuwa. Kuno ku Mzuzu, kumene nkhungu ndi mvula yowaza sizisowa, mukaubisa pamthunzi masamba ake agwidwa nthenda yooneka ngati ufa woyera. Uikeni poyera, popita mphepo. Nthambi muzidulira pamene uli wopanda masamba, pakuti maluwa abadwa pa mphukira zatsopano zokha. Mukachedwa ndi kudula mphukirazo, chaka chimenecho simudzaona duwa. Pakapita zaka 2 kapena 3, cha m'Ogasiti, usanaphuke, muutulutse mu mphika, mudule gawo limodzi mwa magawo atatu a mizu, ndi kuubwezera m'dothi latsopano. Nthambi yanthete mungathe kuipinda ndi waya kapena luzi, koma pang'onopang'ono, chifukwa yokhwima ithyoka. Makolo athu sadaname pamene adati kuongola mtengo mpoyamba.

Tsono kufiira kwa masamba kuchokera kuti? M'tsamba muli chinthu chobiriwira chimene chipanga chakudya cha mtengo ndi kuwala kwa dzuwa. Usiku ukayamba kutalika ndi kuzizira, mtengo uleka kupanga chobiriwiracho, nukokera zabwino za m'tsamba kulowa nazo m'nthambi ndi m'thunthu. Pamenepo chikasu, chimene chidali m'tsambamo chibisalire, chionekera. Kufiira kuchokera ku shuga wotsala m'tsamba, makamaka pamene usana kuli dzuwa ndipo usiku kuli chisanu. Nchifukwa chake zaka zina masamba afiira kwambiri, zina pang'ono. Mtengo sutaya kanthu mwachabe: uyamba wasunga chuma chake, pambuyo pake nulola tsamba ligwe.

Mitengo ya kwathu kuno ichita mwina. Mombo ndi mtondo zifiira pophuka, osati poyoyoka. Aliyense woyenda m'Sepitembala adaona mapiri atavala zofiira, mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Masamba anthete aja afiira, nabiriwira pokhwima. Onani nzeru za Mulungu: mtengo wachilendo auveka ulemerero pa ukalamba wa tsamba, mtengo wa kwathu pa ubwana wake.

Mwina wina adzati: kodi ife a kumudzi, osowa nthawi, tidzapindulanji ndi mtengo wosadyedwa? Tiyankha kuti mudzi uno wa Mzuzu udabadwa ndi mitengo. Udayamba cha m'ma 1947 pa minda ya mitengo ya tung, imene njere zake adali kuyengamo mafuta. Chaka chomwecho Eklezia adapatula dera la kumpoto kuno kuti likhale palokha, ndipo lidasanduka Dayosizi ya Mzuzu mu 1961. Mzuzu adautcha mzinda mu 1985. Koma lero nkhwangwa ya makala iri kudya nkhalango ya Kaning'ina, kumene kuchokera madzi a Lunyangwa amene tonse timwa. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya chaka cha 2015, adatikumbutsa kuti dziko lapansi ndi nyumba yathu tonse, ndipo tidzafunsidwa za kasamalidwe kake. Mwana amene adathirira mtengo umodzi zaka 10, nauona ukuvula ndi kuvalanso, sadzafulumira kugwetsa mtengo wa zaka 100 chifukwa cha thumba limodzi la makala.

Ngati mbeu ya mtengo wachilendowu ikusowani, musadandaule. Kachere achita bwino m'mphika, ndipo nthambi yake siichedwa kugwira. Chimodzi chokha tikupemphani: musakazule mitengo kunkhalango. Yambani ndi njere kapena kanthambi. Ndipo pa mtengo umodzi wa m'mphika, bzalani ina yambiri pa nthaka m'nyengo ya dzinja.

Inu atate ndi amai, nchito imeneyi ifanana ndi kulera. Wodulira mopitirira apha mtengo, wosadulira konse apeza tchire. Wolera mwanzeru ayang'ana tsiku ndi tsiku, nadula pang'ono, nadikira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nkhalamba ija ya ku Katoto tidaiika m'manda m'mwezi wa Ogasiti, italandira masakramenti. M'Sepitembala tidapitanso kukapepesa ofedwa, ndipo tidapeza mdzukulu uja atagwada pakhonde ndi chikho cha madzi. Pa nthambi zooneka zouma zija padali timasamba tatsopano. Tiipempherere nkhalambayo, ndipo Mulungu adalitse mabanja anu onse.