Nyumba Zakale Zoonera Nyenyezi ndi Ubale Wake ndi Mulanje

Nyumba yoonera nyenyezi ndi malo omangidwa mwapadera kuti akatswiri a zakuthambo aziikamo telesikopu, makina omwe amasonkhanitsa kuwala kofooka kochokera kutali ndi kukulitsa chithunzi cha mwezi, mapulaneti ndi nyenyezi, ndipo zambiri mwa nyumbazi zimadziwika ndi denga lobulungira lomwe limatseguka pakati ndi kuzungulira kutsata mbali ya thambo imene katswiri akufuna. Dziko la Malawi lilibe nyumba yakale yotere, choncho munthu wa ku Mulanje akamva kuti pali mabungwe amene amakumana chaka ndi chaka kukambirana zosamalira nyumba zimenezi angaganize kuti nkhaniyo ndi ya eni ake akutali. Komatu mbiri ikusonyeza kuti malo a phiri la Mulanje pa mapu a dziko lapansi anayamba kudziwika kudzera m'masamu omwe ankawerengedwa m'nyumba imodzi yotere ku Cape Town.

Nyumbayo, yomwe inkatchedwa Royal Observatory, inakhazikitsidwa ndi boma la Britain m'chaka cha 1820, ndipo cholinga chake chachikulu chinali kuthandiza oyendetsa sitima za panyanja, chifukwa masiku amenewo woyendetsa sitima ankadziwa pamene ali poyeza nyenyezi, pomwe nyenyezi za kummwera kwa thambo zinali zisanayezedwe molondola. Thomas Henderson, amene anagwirapo ntchito m'zaka za 1832 ndi 1833, anayeza nyenyezi ya Alpha Centauri, ndipo zoyeza zakezo zinakhala m'gulu la zoyamba kusonyeza kutalika kwa mtunda wochokera kuno kufika ku nyenyezi ina kupatula dzuwa. Amene anamulowa m'malo anali Thomas Maclear, yemwe anatsogolera nyumbayo mpaka 1870, ndipo iyeyu ndiye amalumikiza mbiri ya nyumbayo ndi dziko lino.

David Livingstone atafika ku Cape Town m'chaka cha 1852, Maclear anamuthandiza kunola luso lopeza malo pogwiritsa ntchito nyenyezi. Chida chachikulu chinali sextant, kachipangizo ka m'manja kokhala ndi tigalasi tiwiri komwe kamayeza kukwera kwa nyenyezi kuchokera pamene thambo limaoneka kukumana ndi dziko. Popeza pamtunda mitengo ndi mapiri zimabisa mzere umenewo, woyezayo ankathira mercury, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira, m'kambale kosaya, nkuyeza mpata wa pakati pa nyenyezi yeniyeniyo ndi chithunzithunzi chake m'kambalemo, kenaka nkugawa mpatawo pawiri. Zotsatira zake zinkapereka latitude, kutanthauza mtunda wa malowo kuchokera ku mzere wa pakati pa dziko lapansi, ndipo digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111. Chovuta kwambiri chinali longitude, mtunda wa kummawa kapena kumadzulo kuchokera ku Greenwich ku England, chifukwa imeneyi imapezeka poyerekeza nthawi ya pamalopo ndi nthawi ya ku Greenwich, ndipo mphindi 4 zilizonse zimaimira digiri imodzi. Mulanje ali pafupifupi madigiri 16 kummwera ndi madigiri 35 ndi theka kummawa, zomwe zikutanthauza kuti dzuwa limafika paliwombo ku Mulanje kutatsala maola 2 ndi mphindi pafupifupi 22 kuti lifike paliwombo ku Greenwich. Wotchi yoyenda ulendo wapansi m'katundu wa amtengatenga inkasokonekera, motero Livingstone ankayezanso mpata wa pakati pa mwezi ndi nyenyezi zina, nkutumiza manambalawo ku Cape Town kuti Maclear ndi omuthandiza awawerenge ndi kuwakonza.

Mu Epulo 1859, Livingstone ndi mnzake wa paulendo John Kirk anayenda wapansi kuchokera ku mtsinje wa Shire mpaka ku nyanja ya Chilwa, ndipo pa ulendowo anaona phiri la Mulanje. Amang'anja anali atakhala m'tsinde mwa phirili kwa mibadwo yambiri, akulidziwa bwino njira zake ndi mitsinje yake, kotero chatsopano chinali chakuti dera lonselo linayamba kulembedwa ndi manambala pa mapu a ku Ulaya. Mapuwo ndi amene anatsogolera amishoni, amalonda ndi atsamunda, ndipo pangano la Britain ndi Portugal la 1891 litaika mtsinje wa Ruo kukhala malire, anthu a mtundu umodzi anapezeka ali m'mayiko awiri. Livingstone anathokoza Maclear potcha Cape Maclear malo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, dzina limene alendo ambiri amalitchula lero osadziwa kuti ndi la katswiri wa zakuthambo.

Bungwe lakale lomwe limasonkhanitsa okonda zakuthambo kuchigawo chino cha Africa ndi Astronomical Society of Southern Africa, lomwe linabadwa m'chaka cha 1922 pamene magulu awiri, la ku Cape la 1912 ndi la ku Johannesburg la 1918, anaphatikizana. Mamembala ake ndi akatswiri olembedwa ntchito pamodzi ndi anthu wamba oona nyenyezi pa nthawi yawo yopuma, ndipo lili ndi nthambi m'mizinda monga Cape Town, Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Bloemfontein, komanso gawo loona za mbiri. Munthu amene anakhalapo pa msonkhano wa pachaka wa bungwe la alimi a tiyi ku Mulanje sangasochere pa msonkhano wa pachaka wa bungwe limeneli, chifukwa ndondomeko yake ndi yomweyo: kuvomereza zimene mlembi analemba pa msonkhano wapita, kumva malipoti a nthambi ndi magawo, kumva msungichuma akulongosola za ndalama, ndi kukhazikitsa atsogoleri. Chowonjezera ndi nkhani imene pulezidenti wa bungwelo amakamba, ndiponso mphoto monga Gill Medal, yomwe imakumbutsa David Gill, mtsogoleri wa nyumba ya ku Cape kuyambira 1879, amene zithunzi zake za thambo la kummwera zinatulutsa ndandanda wa nyenyezi zoposa 450,000.

Osamalira nyumba zakalezi, kaya ku South Africa kaya ku America kumene nyumba monga Lick ya 1888, Lowell ya 1894, Yerkes ya 1897 ndi Mount Wilson ya 1904 zili mu mgwirizano wotchedwa Alliance of Historic Observatories, amalimbana ndi mavuto ofanana. Loyamba ndi kuwala kwa magetsi a m'mizinda, komwe kumayeretsa thambo mpaka nyenyezi zofooka kuzimiririka. Nchifukwa chake bungwe la South African Astronomical Observatory litapangidwa mu 1972, ntchito yofufuza inasamukira ku Sutherland, dera louma la Karoo, kumene inapitanso telesikopu ya mamita 1.9 yochokera ku Radcliffe Observatory ku Pretoria, ndipo kumeneko ndi kumene telesikopu yaikulu ya SALT inatsegulidwa mu 2005. Vuto lachiwiri ndi ndalama zokonzera nyumba zimene sizikupanganso kafukufuku wamakono, chifukwa denga lachitsulo limachita dzimbiri ndipo makina monga telesikopu ya McClean ku Cape Town, yomwe pansi pa chipinda chake pamakwera ndi kutsika kuti woona afike pa kagalasi koyang'anirapo, safuna mmisiri wamba. Ena apeza yankho posintha ntchito ya nyumba, monga zinachitikira ku Bloemfontein, kumene nyumba ya Lamont-Hussey pa Naval Hill inasandulika mu 2013 holo yoonetsera zithunzi za thambo kudenga. Vuto lachitatu ndi kusunga mabuku a zoyeza ndi zithunzi zakale zojambulidwa pa magalasi, zomwe zimafunikabe chifukwa katswiri wa lero sangadziwe mmene nyenyezi yasunthira kapena kusinthira kuwala popanda kuyerekeza ndi mmene inalili zaka 100 zapitazo.

Mafunso a mtundu womwewu afika ku Mulanje, chifukwa mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa ndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndandanda womwe ulinso ndi malo a zakuthambo monga Jantar Mantar ku Jaipur ndi Jodrell Bank ku England. Ulemu wotere umabwera ndi udindo wopeza ndalama, wolandira alendo mosawononga malo, ndi wosunga mbiri. Phirili lilinso ndi chinthu chimene Cape Town ndi Pretoria zinataya, ndicho mdima wa usiku: m'nyumba zogona okwera phiri monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, pansi pa nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, thambo la m'chilimwe limaoneka bwino ngati chiperoni kapena utsi wa moto wolusa sizinaliphimbe.

Palinso nzeru za makolo zimene zikufuna kusungidwa mofanana ndi mabuku a Maclear. Akuluakulu amadziwa Nthanda, nyenyezi yowala ya m'bandakucha yomwe akatswiri amati ndi pulaneti ya Venus, amadziwa Nsangwe, kagulu ka nyenyezi zothithikana komwe anthu ambiri mu Africa ankawerengera nyengo za ulimi, amadziwanso Mlalang'amba, mkwasa woyera wodutsa pakati pa thambo. Sukulu za m'boma la Mulanje, mabungwe monga Mulanje Mountain Conservation Trust, ndi Society of Malawi, yomwe yakhala ikusunga zolembedwa za mbiri kuyambira 1946 ndipo ili ku Mandala House ku Blantyre, angathe kulemba mayina ndi matanthauzo a nyenyezi m'Chimang'anja, Chilhomwe ndi Chiyao popanda kugula telesikopu iliyonse, ndipo ntchitoyo iyenera kuchitika pamene odziwa zinthuzi akadali ndi moyo.