PENTI IKHOZA KUPULUMUTSA PANSI PA MATABWA POONONGEKA

Nyumba zambiri zakale za Boma ndi za mishoni m'dziko la Zambia zili ndi pansi poyalidwa timatabwa ta mukusi. Mitengo imeneyi inali kucekedwa ndi kampani ya Zambezi Sawmills ku Mulobezi, ndi kutengedwa pa njanji kunka ku Livingstone. Pamene Boma linayamba kugulitsa nyumba zake kwa okhalamo m'caka ca 1996, ambiri analandira pansi pothimbirira, pong'aluka ndi popsa ndi makala a mbaula.

Eni nyumba ena amazula matabwawo nathira sementi. Kutero ndi kutaya cuma, pakuti mukusi umakula pang'onopang'ono, ndipo nkhalango zake zinacepa kwambiri cifukwa ca kudula. Ngati zipsera zalowa kwambiri kotero kuti vanishi sangazibise, penti ndiyo ikhoza kugwira nchitoyo.

Coyamba, mwini nyumba afunefune ciswe ndi cinyezi. Thabwa lofumbwa kapena lowola licotsedwe, ndipo denga lodontha likonzedwe, cifukwa penti yopakidwa pa thabwa lonyowa imatukusira ndi kusupuka. Timatabwa togwedera timatidwenso ndi guluu. Mabowo atsekedwe ndi utuci wosakaniza ndi guluu wa akalipentala.

Caciwiri, polishi yense wakale acotsedwe ndi tapentaini, popeza penti sigwira pa phula. Pambuyo pake pansi pakwecedwe ndi sandipepa, ndipo fumbi lipukutidwe ndi nsalu yonyowa pang'ono. Ngati panali penti yakale, ana asakhale pafupi, pakuti ina ili ndi mtovu umene umaononga ubongo wa mwana.

Cacitatu ndico kukongoletsa. Payambe kupakidwa penti yoyambira, ndipo ikauma, penti ya pansi ipakidwe kawiri, polekeza maola 24 pakati pake. Luso lofunika pano ndi lomwe lija amai a kumudzi ali nalo pokongoletsa zipupa ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Timatabwa tinayalidwa kale m'mabokosi, motero n'kosabvuta kupaka bokosi lina lofiira, lina lakuda, monga bolodi la drafuti. Pamene matabwa a pakati ali abwino, mzere wokongola wozungulira m'mbali mwa cipinda ndi wokwanira kubisa poonongeka, ndipo pakatipo papakidwe vanishi cabe. Tepi ya pepala imathandiza kuti mizere iwongoke. Mitundu yoderako imabisa zigamba koposa yoyera.

Nyengo yabwino ya nchitoyi ndi cilimwe, mvula isanayambe. Mazenera akhale otsegula, ndipo mbaula, nyali ndi fodya zikhale kutali, cifukwa tapentaini ndi penti ya mafuta sizicedwa kugwira moto.

Mipando ndi makama zisabwezedwe msanga. Penti imaoneka youma tsiku lotsatira, koma imalimba bwino patapita sabata lathunthu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodikira masiku 7 amenewa adzasiyira ana ace nyumba ya mtengo wapatali.