Loya amathandiza chiyani pa nkhani ya wilo ndi chuma cha masiye?

Anthu ambiri m'boma la Rumphi amaganiza kuti loya ndi wa munthu amene wamangidwa, kapena wa anthu olemera a m'tauni. N'zomveka, chifukwa maofesi a maloya amene tili nawo pafupi ambiri ali ku Mzuzu, komwenso kuli khoti lalikulu la chigawo cha kumpoto. Mlimi wa fodya wa ku Bolero kapena wa khofi wa ku Mphompha amayamba wawerengera ya thiransipoti asanafike n'komwe pa ya loyayo. Komabe ofesi yaing'ono ya loya mmodzi ndi mlembi wake imagwira ntchito zambiri zosafika kukhoti: kulemba mgwirizano wogulitsana puloti, kulumbiritsa zikalata, kulemba kalata yoitanitsa ngongole. Pa zonsezi, imene mabanja athu akuisowa kwambiri ndi yolemba wilo.

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act m'malo mwa lakale la 1967. Lamuloli likuti munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo, amene mutu wake ukuyenda bwino, atha kulemba wilo. Wiloyo ikhale yolembedwa, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo zisainenso iye akuona. Lamulo silikakamiza kuti ilembedwe ndi loya. Ndiye n'kupitiranji kwa loya? Chifukwa wilo zolemba tokha zimagwa pa tinthu ting'onoting'ono: mboni imodzi yokha, mboni imene ikulandiranso gawo, kapena mawu ngati "nyumba ndasiyira ana anga" pomwe bamboyo ali ndi ana kwa amayi awiri. Loya amafunsa mafunso amene pabanja timachita nawo manyazi, ndipo amalemba mayina onse poyera.

Mawu oti "mutu ukuyenda bwino" ife ogwira ntchito m'chipatala timawamva mosiyana ndi ena. M'wodi timaona abale akubwera ndi pepala ndi cholembera wodwala atafooka kale, akubwebweta ndi kutentha kwa thupi kapena atamwa mankhwala amphamvu oletsa ululu. Pepala losainidwa pa nthawi yotere n'losavuta kulitsutsa kukhoti, ndipo limaika namwino pakati pa mkangano wa banja. Ena amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Mayi woyembekezera timamuuza akonzeretu chitenje, beseni ndi ya ulendo mwezi usanakwane, ndipo palibe amene amati tikumulodza.

Munthu akamwalira osasiya wilo, lamulo lomweli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, kuphatikizapo obadwa kunja kwa ukwati, ndi ena amene ankadalira iyeyo. Katundu wa m'nyumba amene banja linkagwiritsa ntchito amatsala ndi wamasiyeyo. Apa ndi pamene lamulo limasemphana ndi zimene ambiri tinazolowera. Kuno mkazi amalowoledwa n'kukakhala kwa mwamuna, ndiye maliro akangotha pamapezeka achimwene a malemu amene amati ng'ombe, chigayo ndi malata ndi za pamudzi pawo. Mwambo wa malowolo uli ndi ulemu wake, koma sunapereke chilolezo chosiya ana a m'bale wako akugona pansi. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu atha kukhala nawo kundende zaka 10. Zotsatira zake timaziona kusikelo: mwana amene ankakula bwino wayamba kutsika, mayi wasiya kubwera kudzalandira mankhwala chifukwa wabwerera kwawo ndipo njinga inatengedwa.

Ntchito yachiwiri ya loya imabwera maliro atachitika. Banki siipereka ndalama za malemu chifukwa choti munthu wanena kuti ndine mkazi wake. Pamafunika chikalata cha imfa ndi chikalata cha khoti chopereka mphamvu zoyendetsera chumacho, chimene amachitcha probate ngati pali wilo, kapena letters of administration ngati palibe. Loya amakonza mapepala amenewa n'kuwatsatira kukhoti. Chuma chikakhala chochepa, yambirani ku ofesi ya bwanamkubwa paboma. Kulinso ofesi ya Administrator General imene imayendetsa chuma cha anthu omwalira.

Pali zinthu ziwiri zimene wilo payokha siimaliza. Ndalama za penshoni zimatsata fomu imene munalembapo mayina kuntchito, choncho ngati munaidzaza musanakwatire, kaikonzeni. Munda wa makolo umene sunalembetsedwe m'dzina lanu ulinso ndi malamulo akeake. Mufunseni loyayo za Customary Land Act ya 2016 musanalonjeze mwana malo amene mwina si inu nokha mwini wake.

Tsono popita kwa loya, chenjerani ndi madobadoba. Loya weniweni amakhala ndi chiphaso chimene amachikonzanso chaka ndi chaka, ndipo bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa amene ali nacho. Kufunsa chiphasocho si mwano. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, ndipo ndalama iliyonse muilandirire lisiti. Tengani chiphaso chanu cha unzika, mayina a ana ndi zaka zawo, mapepala a puloti ndi a kubanki. Wilo ikalembedwa m'Chingerezi, akuwerengereni m'Chitumbuka kapena m'Chichewa mpaka mutamva mawu aliwonse. Musasaine chifukwa chochita manyazi ndi munthu wovala taye. Mukatero isungitseni kwa loyayo, kubanki kapena kukhoti lalikulu, ndipo munthu mmodzi wodalirika adziwe komwe ili. Mukakwatiranso kapena mwana wina akabadwa, bwereraninso mukaiunike.

Amene sangakwanitse kulipira apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, lomwe lili ndi ofesi ku Mzuzu. Ngati abale ayamba kale kutulutsa katundu m'nyumba, musadikire ulendo wa ku Mzuzu: kaneneni tsiku lomwelo ku Victim Support Unit ya polisi, mutalemba mndandanda wa zimene zatengedwa ndi mayina a amene anaona.