Mitengo ya msasa ikafiira mvula isanagwe

Ukafika mwezi wa Okutobala, mafoni a anthu ambiri kuno ku Ascot, ku Mtapa ndi ku Mkoba mu Gweru amadzaza ndi zithunzi zochokera kwa ana ndi adzukulu amene ali ku Canada, ku England ndi ku America. Aima m'paki atavala majekete, kumbuyo kwawo mitengo ili psuu, ina yachikasu. Popeza anthu amadziwa kuti ntchito yanga ndi ya zankhalango, amandionetsa zithunzizo n'kufunsa kuti: "Nanga yathu kuno imalekeranji kutero?"

Yathunso imatero, abale anga. Kungoti pamene zithunzizo zikufika, yathu imakhala itamaliza kale. Nthawi yake ndi kumapeto kwa Ogasiti mpaka m'kati mwa Seputembala, pamene mapiri a ku Shurugwi, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 30 kuchokera mu Gweru, amafiira ndi masamba a mitengo ya msasa. Anansi athu olankhula Chishona amati yafika pfumvudza. Chimene ndikufuna kuti mumvetse lero n'chakuti kufiira kwa kunja kuja ndi kufiira kwa kuno n'zosiyana kwenikweni. Kunja, tsamba limafiira likamafa. Kuno limafiira likamabadwa, ndipo limabadwa pa nthawi imene nthaka yauma gwa, mvula itatha miyezi inayi kapena isanu osagwa. Mukamvetsa mmene mtengo umachitira zimenezi, nkhalango simudzaionanso ngati malo ongotolako nkhuni.

Tiyambe ndi mtundu wa tsamba. Kubiriwira kwake kumachokera ku chinthu chimene asayansi amachitcha klorofilo, chomwe chimakola kuwala kwa dzuwa kuti mtengo upange shuga kuchokera ku madzi ndi mpweya. M'tsamba lomwelo mulinso tinthu tina tachikasu, koma sitioneka chifukwa kubiriwira kumatiphimba. Kumayiko ozizira, masana akayamba kufupika, mtengo umaphwanya klorofilo uja n'kubweza chakudya chake m'nthambi ndi m'mizu. Kubiriwira kukachoka, chikasu chimatulukira. Mitengo ina, monga maple amene tsamba lake lili pa mbendera ya Canada, imapanganso utoto wofiira wotchedwa anthocyanin m'masiku omaliza a tsambalo. Kenako pa tsinde la tsamba pamapangika kamzere kofooka, mphepo ikangowomba tsamba n'kuthothoka.

Mitengo yathu nayonso imayoyola masamba, koma chachikulu chimene imathawa ndi ludzu. Tsamba lililonse limataya madzi kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndiye mtengo umene ungasunge masamba ake onse chilimwe chonse ungaume. Kuyambira Meyi mpaka Julayi mudzaona mlombwa ukuchita chikasu, ndipo kumadera otsika ndi otentha, monga kum'mwera kwa Zvishavane, tsanya amasanduka wachikasu kenako wofiirira asanayoyoke. Mtengo wa msasa umagwira masamba ake nthawi yaitali, n'kuwataya chakumapeto kwa nyengo yachisanu. Umakhala wopanda masamba kanthawi kochepa chabe, kenako mphukira n'kutuluka.

Mphukira zimenezi n'zimene zimafiira, ndipo utoto wake ndi anthocyanin yemwe uja. Utotowu mumaudziwa kale. Ndi womwe uli m'chidede, ndi womwenso umafiiritsa masamba anthete a mango pakhomo panu. Tsamba la msasa likamatuluka limakhala lofewa, lopyapyala, lonyezimira, ndipo zipangizo zake zopangira chakudya zimakhala zisanakhwime. Koma dzuwa la Seputembala pamtunda ngati wa Gweru, mamita oposa 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere, limaswa mtengo popanda ndi kamtambo komwe. Kuwala kochuluka chonchi kumawononga tsamba losakhwima. Utoto wofiira umatchinga mbali ina ya kuwalako mpaka klorofilo atakwana. Asayansi ena amaonjeza kuti kufiirako kumasokonezanso tizilombo todya masamba, popeza tambiri mwa ito sitiona bwino mtundu wofiira. Pakatha milungu iwiri kapena itatu tsamba limakhala litakhwima: lachoka pa kufiira, ladzera pa mtundu wa mkuwa, lafika pa kubiriwira kowala. Mtengo uliwonse uli ndi tsiku lake loyambira komanso mlingo wake wa utoto, n'chifukwa chake paphiri limodzi mumaona wina wofiira kwambiri, wina wapinki, wina wachikasu, wina wabiriwira kale.

Ana asukulu angadzionere okha zimenezi kukhitchini. Tengani masamba ofiira a msasa kapena a mango odzaza dzanja, muwatikite m'kapu ya madzi otentha mpaka madziwo afiirire, kenako muwagawe pawiri. Mbali ina dontheseranimo ndimu, muona kufiira kukuwala. Mbali inayo thiranimo chidulo kapena soda wophikira therere, muona kufiirako kukuzilala, madzi n'kuda kapena kubiriwira. Utotowu umasintha malinga ndi kuwawasa kwa madzi amene ulimo.

Funso lalikulu pa ntchito yathu n'lakuti: madzi ndi chakudya chophukitsira masamba onsewa mtengo umazitenga kuti, pamene udzu wonse wauma? Yankho lili pansi. Gawo lalikulu la mtengo wa msasa lili m'nthaka. Mizu ina imalowa pansi mamita angapo kukafika pamene chinyezi cha dzinja lapitalo chidakalipo, ina imayanza kutali m'mbali. M'mizu ndi m'thunthu mtengo umasungamo chakudya chimene unapanga nthawi ya mvula, monga momwe banja limasungira chimanga m'nkhokwe, ndipo mu Ogasiti umatapa momwemo. Chimene chimaudzutsa si mvula ayi, koma kutentha kumene kumabwera chisanu chikatha pamodzi ndi kutalika kwa masana. Zithunzi za setilaiti zasonyeza kuti nkhalango za mtundu uwu zimabiriwira milungu ingapo mvula isanayambe pafupifupi m'chigawo chonse chino cha Africa. Phindu lake n'loonekeratu. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, zinyalala za pansi zimayamba kuola, chonde n'kumasuka nthawi imodzi. Mtengo umene masamba ake ndi okhwima kale umayamba kudya tsiku lomwelo, pamene udzu ukungomera kumene. Komanso masamba ake amakhala atalimba mbozi za m'dzinja zisanachuluke.

Nkhalango zimenezi ndi zimene timati miombo, ndipo zimayala dera la masikweya kilomita pafupifupi 2.7 miliyoni, kuchokera ku Angola kudzera ku Congo, Zambia, Tanzania, Malawi, Mozambique mpaka kuno ku Zimbabwe. Agogo athu amene anachokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Tete, ena pa ulendo wapansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kudzagwira ntchito m'migodi ya kromu ku Shurugwi, ya golide ku Kwekwe ndi ya asibesitosi ku Zvishavane, anapeza kuno mitengo yomwe anaisiya ku Chongoni ndi ku Dzalanyama. Luzi anadziwa pokalisenda, bowa anadziwa pokamuzula. Ife obadwira m'makomboni ndi m'malokesheni ambiri sitithanso kusiyanitsa mitengoyi, choncho mukapita kukayenda yambani ndi itatu iyi.

Thyolani nthambi yaing'ono muwerenge timasamba timene tili pa kamtsitsi kamodzi. Msasa umakhala ndi timasamba tiwiritiwiri, kawirikawiri mapeya anayi, ndipo peya yakunsonga ndiyo yaikulu kuposa zonse. Mnondo, umene kwathu ku Malawi amati mchenga, uli ndi mapeya ochulukirapo, aakulu ali chapakati, ndipo zikhokhombe zake za njere zimaima pamwamba penipeni pa mtengo, zimaoneka muli patali. Mombo, umene kuno amati mupfuti, uli ndi timasamba tambirimbiri tating'ono tondondozana, ndipo umaphukira mochedwerapo, moti mukaphonya msasa mu Seputembala mungapezebe mombo uli wofiira. Yonse itatu ndi ya banja limodzi ndi nyemba ndi nandolo. Masana dzuwa likatentha mudzamva zikhokhombe za msasa zikuphulika kuti thwa! Zimapotokola n'kuponya njere zake patali ndi tsinde. Mudzamvanso kafungo kokoma ka maluwa ake ang'onoang'ono obiriwira, ndi njuchi zili wiii pamwamba.

Pali mnzake wina wa mitengoyi amene simumuona m'chilimwe. Nthaka ya miombo ndi yosauka, ndiye mizu ya msasa, mnondo, mombo ndi msuku imakutidwa ndi timaulusi ta bowa. Timaulusiti timasonkhanitsa madzi ndi chonde n'kupatsa mtengo, mtengo n'kumabweza shuga. Bowa amene kuno amati nhedzi, yemwe amagulitsidwa m'mbali mwa misewu mu Disembala ndi Januwale, ndi chipatso cha ubale umenewu. N'chifukwa chake bowa ameneyu salimidwa m'munda, ndipo pamene mitengo yazulidwa nayenso amatha.

Malo oyamba amene ndingakutumizeni ndi Boterekwa, msewu wokhotakhota umene umatsika kuchokera mu Shurugwi kulowera ku Zvishavane. Kombi yochokera mu Gweru imakufikitsani mu Shurugwi nthawi yosakwana ola limodzi. Mapiri ozungulira damu la Gwenoro, kumene kumachokera madzi ambiri amene timamwa mu Gweru, nawonso ali ndi miombo. Amene muli ku Kwekwe ndi ku Redcliff muli ndi Sebakwe Recreational Park, imene ili m'manja mwa ZimParks ndipo polowa pamakhala kolipira. M'maulendo amenewa mudzaona mapiri ena a Great Dyke, mzere wa miyala wa makilomita oposa 500 umene unapatsa dera lino kromu ndi pulatinamu, ali ndi udzu wokhawokha kapena timitengo topinimbira, pamene phiri loyandikana nalo lili ndi nkhalango. Sikuti onsewo anadulidwa. Dothi la pamiyala imeneyo lili ndi magineziyamu ndi nikelo wambiri, ndipo mitengo yambiri siipirira.

Nyamukani m'mamawa kapena chakumadzulo, dzuwa likapendeka, muime poti kuwala kudzere kuseri kwa masamba, chifukwa m'pamene kufiira kumaoneka bwino. Tengani madzi akumwa okwanira, valani nsapato zotseka, popeza kutentha kumene kwadzutsa mitengo kwadzutsanso njoka. Yendani pagulu ndipo tsatani njira zodziwika, chifukwa m'mapiri a Shurugwi muli maenje ambiri a makorokoza okumba golide, ena obisika ndi udzu. Ngati malowo ndi a famu kapena a mudzi, pemphani kaye kwa eni ake kapena kwa sabhuku, mfumu ya mudziwo. Ndipo musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukadekha choncho mudzaona kuti mitengo yambiri ya msasa kuzungulira matauni a migodi ili ndi mathunthu atatu kapena anayi otuluka pa tsinde limodzi. Imeneyo inadulidwapo kale. Migodi yoyambirira inkadya nkhuni zambiri zosonkhera mabayila ndi mitengo yochirikizira ngalande za pansi, ndipo ena mwa amene ankagwetsa mitengoyo anali agogo athu omwe aja. Zitsa zinaphukanso chifukwa mizu inatsala yamoyo. Apa m'pamene pali mphamvu ya miombo, ndipo m'pamenenso pali malire ake. Nkhwangwa imasiya mizu, koma chimakina chokumba golide chimachotsa mizu ndi dothi lomwe. Zipsera zimene zikuoneka masiku ano m'mapiri a Boterekwa zimandiwawa mtima chifukwa ndikudziwa kuti msasa umakula pang'onopang'ono, ndipo pamalo otero sudzabwerera wokha ife tili ndi moyo.

Mdani wina ndi moto wa m'chilimwe. M'zaka za m'ma 1930, pafupi ndi Ndola ku Zambia, akatswiri anagawa nkhalango ya miombo m'zigawo: china ankachitentha chaka ndi chaka kumayambiriro kwa nyengo youma, china kumapeto kwake, china osachitentha konse. Zotsatira zake, zimene Colin Trapnell anazifalitsa mu 1959, zinasonyeza kuti moto woyambirira, udzu udakali ndi chinyezi, unasiya nkhalango ili chilili, koma moto wochedwa unapha mitengo ikuluikulu ya miombo. Chifukwa chake mwachiona kale. Pofika Seputembala ndi Okutobala mtengo umakhala utawononga chakudya chake chosunga pophukitsa masamba. Moto ukawapsereza, uyenera kutapanso pa chochepa chotsalacho, ndipo zikachitika zaka zotsatizana umafooka mpaka kufa. Masiku amene nkhalango ikukongola kwambiri ndi omwewo amene ili pangozi kwambiri. Ndudu imodzi yotayidwa pa zenera la kombi, kapena moto wosakira mbewa, ungathe kufafaniza zimene mtengo wasunga chaka chathunthu.

Pali ntchito yaing'ono imene ndikupempha banja lililonse. Sankhani mtengo umodzi wa msasa umene mumaudutsa kawirikawiri, kaya pa msewu wa ku Shurugwi kapena kumunda kwanu. Mwana mmodzi alembe m'kope tsiku limene wayoyola masamba, tsiku limene mphukira zofiira zaoneka, tsiku limene zabiriwira, ndi tsiku la mvula yoyamba yeniyeni. Chaka chamawa alembenso. Nyengo ikusintha, mvula ikumachedwa, ndipo ife a zankhalango tikufuna kudziwa ngati mitengo imene imaphukira modalira kutentha ndi kutalika kwa masana ipirire kudikira mvula nthawi yotalikirapo. Zolemba zotere za zaka khumi, zochokera m'makomo wamba, n'zamtengo wapatali kwa ife, ndipo mwana amene wazilemba sangadzayatse moto pansi pa mtengo umene wakhala akuuyang'anira.